Inhela yotsegula chifuwa ndi miliri iwiri ya imfa za mphumu

Kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya ndi ku America ankaphunzitsana kuti mphumu ndi matenda ozunza koma osapha. William Osler, mphunzitsi wotchuka wa zachipatala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ankanena kuti wodwala mphumu amakalamba nayo akupuma movutika, koma si kawirikawiri kuti afe nayo. Ziwerengero za ku England ndi Wales zinkagwirizana naye. Kwa zaka pafupifupi 100, imfa za mphumu pakati pa ana ndi achinyamata zinali zochepa ndipo sizinkasintha kwenikweni. Kenako m'zaka za m'ma 1960, mankhwala amphamvu opopera mkamwa atangofala m'masitolo, imfazo zinawonjezeka katatu. Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso ku New Zealand kuyambira mu 1976.

Mankhwala opopera mkamwa, omwe ambiri timangowatchula kuti inhela, apulumutsa miyoyo yosawerengeka ndipo akupulumutsabe. Koma mbiri yawo ili ndi phunziro limene linagulidwa ndi miyoyo ya anthu masauzande. Inhela yotsegula chifuwa imathetsa befu mwachangu koma sichiza chimene chimayambitsa befuyo, choncho wodwala amene akudalira iyo yokha amakhala pachiswe ngakhale akumva bwino.

Zimene zimachitika m'chifuwa

M'mapapo muli timachubu ting'onoting'ono tomwe mumadutsa mpweya. Mwa munthu wodwala mphumu, mkati mwa timachubuti mumakhala motupa ndipo mumatuluka makhololo ambiri. Kutupaku kumakhalapo ngakhale masiku amene munthu akuoneka kuti ali bwinobwino. Akakumana ndi utsi, fumbi, mphepo yozizira kapena chimfine, minofu yozungulira timachubuti imakungika, njira ya mpweya n'kuchepa. Apa m'pamene munthu amabanika, amatsokomola, ndipo m'chifuwa mumalira ngati mluzu.

Mavuto ndi awiri, kutupa ndi kukungika kwa minofu. Inhela yotsegula chifuwa, monga salbutamol amene kawirikawiri amabwera mu inhela yabuluu, imamasula minofu pa mphindi zochepa ndipo mphamvu yake imakhala maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Kutupa ayi, siikukhudza. Inhela yoteteza, monga beclomethasone amene kawirikawiri amabwera mu inhela yabulauni, ndiyo imachepetsa kutupa, koma imagwira pang'onopang'ono ndipo wodwala samva kusintha kulikonse pa nthawi imene wapopera. Kusiyana kumeneku ndiko gwero la nkhani yonse.

Kuchokera ku utsi wa masamba kufika pa kachitini

Maganizo ofikitsa mankhwala m'mapapo kudzera m'kupuma ndi akale. Ku India anthu ankasuta mizu ndi masamba a zomera za mtundu wa Datura pofuna kupepuza chifuwa, ndipo njirayi inafika ku Britain cha m'ma 1802. Kwa zaka zoposa 100 odwala ankagula ndudu za mphumu ndi ufa wotentha pa mbale wopangidwa kuchokera ku Datura stramonium. Chomerachi chimameranso chokha m'malo ambiri kuno kwathu, ndipo chili ndi poizoni woopsa. Henry Hyde Salter, dokotala wa ku London yemwe nayenso ankadwala mphumu, analemba buku lofotokoza bwino matendawa mu 1860, ndipo ankalangiza odwala kumwa khofi wamphamvu.

Zinthu zinasintha Jokichi Takamine atapeza njira yopatulira adrenaline cha m'ma 1901. Pofika 1903 madokotala a ku New York anali akubaya adrenaline anthu obanika ndi mphumu, ndipo ankaona chifuwa chikutseguka mwachangu. M'zaka za m'ma 1930 kunabwera timabotolo tagalasi tokhala ndi kampira kofinya ndi dzanja, tomwe tinkasandutsa mankhwala kukhala nkhungu. Tinali tosachedwa kusweka ndipo mlingo wake sunkadziwika bwino. Cha m'ma 1940 kunapangidwa isoprenaline, mankhwala a m'banja limodzi ndi adrenaline.

Inhela imene tikuidziwa lero inabadwa mu 1955 ku kampani ya Riker Laboratories ku America. Mkulu wa kampaniyo, George Maison, anali ndi mwana wamkazi wa zaka 13 wodwala mphumu. Mwanayo atatopa ndi kabotolo kagalasi, anafunsa bambo ake chifukwa chimene mankhwala ake sangaikidwe m'kachitini kopopera ngati mankhwala a tsitsi. Akatswiri a kampaniyo, kuphatikizapo Irving Porush ndi Charles Thiel, anagwiritsa ntchito kavalavu kotulutsa mlingo wofanana nthawi iliyonse, komwe anapanga Philip Meshberg. Mu 1956 mainhela awiri analoledwa ku America: Medihaler-Epi wokhala ndi adrenaline ndi Medihaler-Iso wokhala ndi isoprenaline. Kwa nthawi yoyamba wodwala akanatha kuyenda ndi chithandizo chake m'thumba, kupita nacho kusukulu kapena kuntchito. M'maiko angapo, kuphatikizapo Britain, munthu ankatha kungogula m'sitolo ya mankhwala popanda chikalata cha dokotala.

Mliri woyamba

Ku England ndi Wales, mu 1959, mphumu inkapha anthu pafupifupi 0.7 pa anthu 100,000 alionse a zaka zapakati pa 5 ndi 34. Pofika 1966 chiwerengerochi chinali chitafika pa 2.2. Pakati pa ana a zaka 10 mpaka 14 imfa zinawonjezeka pafupifupi kasanu ndi kawiri. Ambiri ankafa mwadzidzidzi, kunyumba, asanafike kuchipatala.

Frank Speizer, Richard Doll ndi Peter Heaf anafufuza nkhaniyi ndipo anasindikiza zotsatira mu 1968. Anayamba ndi mafunso amene wofufuza aliyense ayenera kufunsa. Kodi madokotala asintha kalembedwe ka zikalata za imfa? Kodi odwala mphumu achuluka? Palibe mwa zimenezi chimene chinafotokoza kukwera kwa imfa. Chimene chinali chitasintha kwambiri chinali kagulitsidwe ka mainhela. Mu 1969 William Inman ndi Abraham Adelstein anaonetsa kuti imfa zinkakwera ndi kutsika motsatira kuchuluka kwa mainhela ogulitsidwa, ndipo anayerekezera kuti pakati pa 1961 ndi 1967 anthu pafupifupi 3,500 anafa kuposa amene akanayembekezeka.

Panali chinthu chimodzi chodabwitsa. Mliriwu unagwa ku England ndi Wales, Scotland, Ireland, Australia, New Zealand ndi Norway, koma sunagwe ku America ndi ku Canada, kumene mainhela ankagulitsidwanso kwambiri. Amene anamasula mfundoyi anali Paul Stolley wa ku America mu 1972. Iye anaona kuti maiko onse okhudzidwa anali atalola isoprenaline wamphamvu kwambiri wotchedwa isoprenaline forte, yemwe pa kupopera kamodzi ankatulutsa mankhwala ochuluka kasanu kuposa wamba. Ku America ndi ku Canada mtundu umenewu sunaloledwe. Ku Netherlands ndi ku Belgium unafika mochedwa ndipo sunagulidwe kwambiri, ndipo mliri sunaoneke.

Kodi mankhwalawa ankapha bwanji? Njira ziwiri zinatchulidwa, ndipo zonse zikuoneka kuti zinathandizira. Yoyamba ndi mtima. Isoprenaline amagwira mtima ndi mapapo mofanana, ndipo mtima umene ukuthamangitsidwa pamene m'magazi mulibe okosijeni wokwanira ukhoza kusokonekera kagundidwe mpaka kuima. Yachiwiri ndi kuchedwa. Munthu amene ali ndi mankhwala opepuza befu m'manja amapopera, n'kupoperanso, akuyembekeza kuti zisintha, pamene kutupa kukukulirakulira. Akamaganiza zopita kuchipatala, nthawi imakhala itatha.

Mu Juni 1967 komiti yoona za chitetezo cha mankhwala ku Britain inachenjeza madokotala, ndipo mu 1968 mainhelawa anasiya kugulitsidwa popanda chikalata cha dokotala. Malonda anatsika, imfa nazo zinatsika. Komabe patapita zaka zochepa akatswiri ambiri anayamba kunena kuti mankhwala analibe mlandu, vuto linali kuchedwa kwa odwala basi. Chenjezo linaiwalika pang'onopang'ono.

Mankhwala awiri ochokera m'nyumba imodzi

Pamene mliri unali mkati, asayansi anali akufufuza mankhwala omwe angatsegule mapapo osavutitsa mtima. Mu 1948 Raymond Ahlquist anaonetsa kuti adrenaline amagwira ntchito kudzera pa timalo tamitundu iwiri ta pamaselo a thupi, tomwe anatitcha alpha ndi beta. Mu 1967 Alonzo Lands anaonetsa kuti ta beta nato tili pawiri: beta-1 tochuluka mumtima ndi beta-2 tochuluka m'njira za mpweya. Gulu lotsogozedwa ndi David Jack ku kampani ya Allen & Hanburys, nthambi ya Glaxo, m'tauni ya Ware ku England, linapanga salbutamol mu 1966. Mankhwalawa amasankha kwambiri beta-2 ndipo amakhalitsa m'thupi kuposa isoprenaline. Anayamba kugulitsidwa mu 1969 pa dzina loti Ventolin, mu inhela yabuluu. Lero salbutamol ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe la WHO.

Gulu lomwelo linapanganso mankhwala a mbali inayo. Madokotala ankadziwa kuyambira m'ma 1950 kuti mankhwala a m'gulu la masiteroidi, monga mapiritsi a prednisolone, amachepetsa mphumu, koma akamwedwa nthawi yaitali amafooketsa mafupa, amakweza shuga ndiponso amapinimbiritsa ana. Harry Morrow Brown, dokotala wa ku Derby, anali ataonetsa mu 1958 kuti odwala amene makhololo awo ali ndi maselo otchedwa eosinophil ndiwo amathandizidwa ndi masiteroidi. Poyesedwa koyamba, beclomethasone wopopera sanaoneke ngati wothandiza. Brown atamuyesa pa odwala osankhidwa poyeza makhololo, ambiri anapeza bwino ndipo anachepetsa kapena kusiya mapiritsi. Zotsatira zinatuluka mu 1972, chaka chimene inhela ya Becotide inayamba kugulitsidwa.

Choncho pofika 1972 zida zonse ziwiri zinalipo. Koma odwala ndi madokotala omwe ankakonda yabuluu, chifukwa phindu lake limamveka pompopompo. Yabulauni inkasungidwira odwala kwambiri, ndipo anthu ambiri ankaopa dzina loti siteroidi. M'zaka zimenezo zinali zachizolowezi kulembera wodwala kuti azipopera yotsegula chifuwa kanayi pa tsiku, kaya wabanika kaya ayi.

Mliri wachiwiri ku New Zealand

Mu 1976 ku New Zealand kunafika fenoterol, wogulitsidwa pa dzina loti Berotec ndi kampani ya Boehringer Ingelheim. Kupopera kamodzi kunkatulutsa mamaikulogalamu 200, pamene salbutamol ankatulutsa 100, ndipo fenoterol ankagwira mtima kwambiri kuposa salbutamol. Odwala anamukonda chifukwa cha mphamvu yake, moti posakhalitsa anatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a msika. Chaka chomwecho imfa zinayamba kukwera. Pofika 1979 zinafika pa anthu 4.1 pa 100,000 alionse a zaka 5 mpaka 34, chiwerengero chachikulu kuposa cha dziko lina lililonse limene linkasunga kaundula wodalirika. Ku America fenoterol sanaloledwe.

Kwa zaka zoposa khumi zifukwa zosiyanasiyana zinaperekedwa: umphawi, kuchedwa kupita kuchipatala, chisamaliro chosakwanira. Zonsezi zinalipodi, koma sizinafotokoze chifukwa chimene imfa zinalumphira mwadzidzidzi mu 1976. Ofufuza anayi a ku Wellington, Julian Crane, Neil Pearce, Richard Beasley ndi Carl Burgess, anaganiza zoyang'ana mankhwala enieniwo. Anatenga mbiri ya anthu 117 a zaka 5 mpaka 45 amene anafa ndi mphumu pakati pa 1981 ndi 1983, n'kuwayerekeza ndi odwala 468 amene anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha mphumu koma sanafe. Funso linali losavuta: kodi aliyense ankapatsidwa inhela iti? Anapeza kuti opatsidwa fenoterol anali ndi chiopsezo chachikulu cha imfa, ndipo pakati pa odwala kwambiri chiopsezocho chinali chachikulu kuposa kakhumi.

Zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu Epulo 1989, ndipo zinatsutsidwa mwamphamvu ndi kampani komanso akatswiri ena. Otsutsawo ankati fenoterol ankapatsidwa kwa anthu odwala kwambiri kale, choncho n'zosadabwitsa kuti ambiri mwa iwo ankafa. Limeneli linali funso loyenera kuyankhidwa. Gulu la ku Wellington linachita kafukufuku wina kawiri, pa zaka zosiyana ndiponso poyerekeza anthu odwala mofanana, ndipo yankho silinasinthe. Boma linachenjeza madokotala mu 1989, ndipo mu 1990 linachotsa fenoterol pa mndandanda wa mankhwala amene limalipirira. Imfa zinatsika ndi theka m'miyezi yochepa, ndipo mu 1990 zinali pa 0.8. Umphawi ndi ulova sizinathe m'chaka chimenecho. Chimene chinasintha chinali inhela. Pearce anadzalemba mbiri yonseyi m'buku lotchedwa Adverse Reactions, lomwe linatuluka mu 2007.

Vuto silinali mankhwala amodzi okha

Zikanakhala zosavuta kunena kuti isoprenaline forte ndi fenoterol anali oipa, salbutamol ndi wabwino, nkhani n'kuthera pomwepo. N'zoona kuti salbutamol sanayambitsepo mliri wotere. Koma kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti kudalira inhela iliyonse yotsegula chifuwa popanda yoteteza kuli ndi ngozi.

Mu 1990 Malcolm Sears ndi anzake ku Dunedin, ku New Zealand komweko, anaonetsa kuti odwala ambiri mphumu yawo inkaipa pamene ankapopera fenoterol kanayi pa tsiku mwachizolowezi kusiyana ndi pamene ankapopera akabanika pokha. Mu 1992 Walter Spitzer, Samy Suissa ndi anzawo anafufuza kaundula wa mankhwala wa odwala oposa 12,000 a m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada. Anapeza kuti chiopsezo cha imfa chinkakwera motsatira kuchuluka kwa timachitini timene munthu ankatenga pa mwezi, ndipo izi zinaoneka pa salbutamol yemwe. Mu 2000 ofufuza omwewo anaonetsa mbali inayo: odwala amene ankagwiritsa ntchito inhela yoteteza mokhazikika, ngakhale pa mlingo wochepa, ankafa ochepa kwambiri.

Dziko la Finland linayesa mfundoyi pa anthu ake onse. Tari Haahtela ndi anzake anali ataonetsa mu 1991 kuti odwala ongopezeka kumene ndi mphumu amapeza bwino akayamba ndi budesonide, mankhwala oteteza, kusiyana ndi akapatsidwa otsegula chifuwa okha. Kuyambira 1994 mpaka 2004 dzikolo linayendetsa ndondomeko yophunzitsa madokotala, anamwino ndi ogulitsa mankhwala a m'madera kuti mphumu ndi matenda a kutupa, ofunika kuwapeza msanga ndi kuwateteza. Masiku amene odwala mphumu ankagona m'chipatala anatsika ndi oposa theka. Ndondomekoyi inadalira kwambiri maphunziro a ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono, osati makina atsopano.

Komabe chizolowezi sichitha msanga. Mu 2014 bungwe la Royal College of Physicians ku Britain linatulutsa lipoti la imfa 195 za mphumu. Mwa omwalira amene mbiri ya mankhwala awo inapezeka, 39 pa 100 alionse anali atalemberedwa mainhela otsegula chifuwa oposa 12 m'chaka chomaliza cha moyo wawo, ndipo ambiri sankatenga oteteza okwanira. Pafupifupi theka anafa asanapemphe thandizo kapena thandizo lisanawafike. Chizindikiro cha ngozi chinali cholembedwa m'mabuku a zipatala, koma panalibe amene ankawerenga.

Mu 2019 bungwe la GINA, lomwe limapereka malangizo a chisamaliro cha mphumu padziko lonse, linasintha mfundo imene inakhalapo zaka pafupifupi 50. Linati akuluakulu ndi achinyamata asamapatsidwe inhela yotsegula chifuwa yokha, ngakhale mphumu yawo ikuoneka yaing'ono. Njira imene linaika patsogolo ndi inhela imodzi yophatikiza budesonide ndi formoterol, mankhwala otsegula chifuwa mwachangu. Wodwala akapopera chifukwa cha befu, amalandiranso mankhwala ochepetsa kutupa pa nthawi yomweyo. Kafukufuku wamkulu wa mu 2018 anaonetsa kuti njirayi imachepetsa kubanika koopsa ndi oposa theka poyerekeza ndi yotsegula chifuwa yokha. M'malo molimbana ndi khalidwe la odwala lothamangira chimene chimawapepuza, mankhwala anakonzedwa kuti agwirizane ndi khalidwelo.

Mbiriyi ikafika kuno kwathu

Bungwe la WHO linayerekezera kuti mu 2019 anthu 262 miliyoni ankadwala mphumu ndipo 455,000 anafa nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka. Mavuto a kuno si ofanana ndendende ndi a ku Britain kapena New Zealand. Kumeneko anthu anafa ali ndi mainhela ambiri m'manja, pamene kuno ambiri alibe n'komwe, ndipo ena sadziwa kuti akudwala mphumu. Kafukufuku wa ACACIA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, anafunsa ana asukulu oposa 27,000 ku Blantyre, Durban, Harare, Kampala, Kumasi ndi Lagos. Mwa ana amene anali ndi zizindikiro zoopsa za mphumu, pafupifupi 8 pa 10 alionse anali asanauzidwepo ndi wachipatala kuti ali ndi matendawa.

M'zipatala zambiri za m'maiko osauka inhela yabuluu imapezeka kawirikawiri kuposa yabulauni, ndipo yophatikiza ija ndi yodula komanso yosowa. Odwala ena amapatsidwabe mapiritsi a salbutamol kapena aminophylline, omwe amachedwa kugwira ndiponso amanjenjemeretsa ndi kuthamangitsa mtima kuposa mankhwala opopera. Zotsatira zake n'zakuti wodwala wathu amagwera m'dzenje lomwe lija: chithandizo cha befu chokha, popanda choteteza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Palinso mantha. Anthu ambiri amakhulupirira kuti inhela ndi ya munthu amene matenda afika posauzana, kuti ukayamba sungasiye, kapena kuti imafooketsa mtima. Wina akhoza kumva mbiri ili pamwambayi n'kunena kuti manthawo ndi oona. Si choncho. Mankhwala awiri amene anayambitsa miliri anali a mlingo waukulu ndiponso ogwira mtima kwambiri, ndipo si amene ali mu inhela yabuluu ya salbutamol. Mlingo umene umalowa m'thupi popopera ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa piritsi: kupopera kamodzi ndi mamaikulogalamu 100, pamene piritsi limodzi la mamiligalamu anayi ndi mamaikulogalamu 4,000. Munthu wobanika akamanidwa salbutamol akhoza kufa. Amene akupopera pafupipafupi sanazolowere mankhwala ngati fodya. Matenda ake ndiwo sakusamalidwa mokwanira.

Mbali ina ya mbiriyi inalembedwa ku Africa konkuno. Kupopera molondola n'kovuta, makamaka kwa ana, chifukwa pamafunika kukanikiza ndi kukoka mpweya nthawi imodzi. Sipesa, kachipangizo koikidwa pakati pa inhela ndi pakamwa, imasunga nkhungu ya mankhwala kuti munthu aikoke mosapupuluma, koma yogula ndi yodula. Mu 1999 Heather Zar ndi anzake pa chipatala cha ana cha Red Cross War Memorial ku Cape Town anayesa pa ana 88 obanika ndi mphumu, ndipo anapeza kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500, lobooledwa kumatako kuti inhela ilowe mothina, limagwira ntchito mofanana ndi sipesa yogula. Kapu yopepuka yomwera tiyi sinachite bwino. Kafukufuku wina wambiri waonetsanso kuti pa kubanika kumene sikunafike poika moyo pangozi, inhela ndi sipesa zimathandiza mofanana ndi makina a nebulaiza, omwe amafuna magetsi.

Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, gulu lotsogozedwa ndi Sarah Rylance linayesa chisamaliro chowonjezera pa ana 120 a zaka 6 mpaka 15, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2021. Ana a gulu lina anayezedwa mofatsa, mankhwala awo opopera anakonzedwa, ndipo iwo ndi makolo awo anaphunzitsidwa za mphumu ndi anthu wamba ophunzitsidwa ntchitoyi, osati madokotala. Patapita miyezi itatu, mphumu yawo inali itachepa, ankathamangira kuchipatala mwa apo ndi apo, ndipo sankajomba kusukulu ngati anzawo a gulu linalo. Izi zikufanana ndi zimene Finland inapeza, ndipo zikusonyeza kuti mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka wa m'mudzi ali ndi gawo lenileni.

Zimene mbiriyi ikutipempha

Miliri yonse iwiri inadziwika chifukwa chakuti wina anawerenga, poyamba zikalata za imfa, kenako mainhela ogulitsidwa. Kuwerenga komweko kungachitike pa wodwala mmodzi. Kachitini ka salbutamol kamakhala ndi mankhwala opopera ka 200. Munthu amene mphumu yake ikusamalidwa bwino safunika kupopera kuposa masiku awiri pa sabata, ndipo kachitini kamodzi kamamukhalira miyezi yambiri. Amene akumaliza timachitini titatu kapena kuposa pa chaka ali pa chiopsezo cha kubanika koopsa, ndipo amene akumaliza kamodzi pa mwezi ali pa chiopsezo cha imfa. Mukakumana ndi wodwala, mufunseni kuti kachitini kakumukhalira nthawi yaitali bwanji, ngati befu ikumudzutsa usiku, ndiponso ngati ali ndi inhela yoteteza. Onani m'kabuku kake ka kuchipatala kuti walandira kangati. Ena amagulanso kusitolo ya mankhwala, choncho funsani za kumeneko.

Mupempheni apopere inu mukuona, pogwiritsa ntchito sipesa kapena botolo, chifukwa ambiri amene amati mankhwala sakugwira amakhala kuti mankhwalawo akuthera mkamwa. Mufotokozereni kuti yabulauni siimveka ikamagwira ntchito, imafuna masiku kapena masabata, ndipo siisiyidwa chifukwa chakuti munthu wapeza bwino. Akapopera yabulauni azichukucha mkamwa ndi madzi n'kulavula. Banja lonse lidziwe kuti ngati yabuluu siikuthandiza, kapena ikufunikanso maola anayi asanathe, kapena wodwala akulephera kumaliza chiganizo, kudya kapena kuyamwa, kapena milomo yasintha mtundu, ayenera kunyamuka nthawi yomweyo kupita kuchipatala, akupopera m'njira monga anawalangizira achipatala. Ambiri mwa amene anafa ku England m'ma 1960 anafera kunyumba akudikira kuti kupopera kotsatira kuwapepuza.

Kwa oyang'anira mankhwala m'zipatala, funso ndi lomwelo pa mlingo waukulu: pa mainhela abuluu amene mwapereka mwezi uno, abulauni ndi angati? Ngati yoteteza yatha m'nkhokwe, lembani lipoti ndipo itanitsani monga mmene mungachitire ndi mankhwala a malungo kapena a shuga. Beclomethasone ndi budesonide ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambiri limodzi ndi salbutamol, ndipo chipatala chimene chili ndi yabuluu yokha chikupereka theka la chithandizo.